Jet ski padoko ndi pagombe: zimene damu la Vaal silingakuphunzitseni

Amalawi okhala kuno ku Joni amakumana ndi jet ski m'njira ziwiri. Ena amagwira ntchito m'nyumba za m'mbali mwa mtsinje wa Vaal kapena damu la Hartbeespoort, ndipo kutsuka makinawa, kuwathira mafuta ndi kuwatsitsira m'madzi ndi gawo la ntchito yawo. Ena amaikwera pa Disembala, akatsetsereka ndi N3 makilomita pafupifupi 570 kukapuma ku Durban, n'kupeza kuti mnzawo ali nayo kapena pali malo obwereketsa. Onsewa akaona mahandulo ndi chishalo amaganiza kuti apeza njinga yamoto ya pamadzi. Maganizo amenewa ndi amene amavulaza anthu, chifukwa ngozi zambiri za jet ski zimakhala zowombana ndi boti, chipupa, jet ski inzake kapena munthu wosambira, ndipo nthawi zambiri woyendetsayo amakhala atachiona chinthucho bwinobwino koma makina akana kukhota.

Chifukwa chake amakana kukhota

Pansi pa jet ski, chakumbuyo, pali chibowo chotchingidwa ndi timizere ta zitsulo. Injini imazungulitsa impeller, chitsulo cha mapiko opindika chokhala mkati mwa paipi yaifupi. Impeller imayamwa madzi pachibowo chija n'kuwakankhira kumbuyo kudzera mu paipi yopapatiza kumapeto, yotchedwa nozzle. Mahandulo amene mwagwira ntchito yawo ndi imodzi basi, kutembenuza nozzle imeneyi kumanja kapena kumanzere. Palibe chiwongolero china pansi pamadzi. Chimene chimakhotetsa jet ski ndi mphamvu ya madzi amene ikulavula, ndiye mukasiya kupatsa moto madziwo amachepa, ndipo ngakhale mupinde mahandulo mpaka kumapeto makina amangopitirira molunjika kumene amaloza.

Taganizani munthu amene akuthamanga makilomita 80 pa ola. Pa sekondi iliyonse wadutsa mamita 22. Patsogolo pake patulukira mutu wa munthu wosambira. Dzanja limachita zimene linazolowera pamsewu: limasiya moto, kenako n'kupinda mahandulo. Pa jet ski kumeneko n'kutaya chiwongolero pa nthawi imene chikufunika kwambiri, ndipo makina olemera makilogalamu 300 kapena 400 amatha kutsetsereka mamita pafupifupi 100 asanaime ngati anali pa liwiro lalikulu. Choyenera ndi kupinda mahandulo moto ukadalipo, nthawi zina kuwonjezera pang'ono. Zimenezi thupi silivomera msanga. Pamafunika kuyeserera pamalo opanda anthu: sankhani chizindikiro choyandama, chilunjikeni pa liwiro laling'ono, siyani moto n'kupinda kuti mumve mmene makina akukanira, kenako bwerezani muli ndi moto. Chitani zimenezi mpaka dzanja lizolowere lokha.

Makina atsopano ali ndi zothandiza. Sea-Doo inayamba kuika buleki yotchedwa iBR mu 2009, Yamaha n'kubwera ndi yake yotchedwa RiDE. Mukakoka kachogwirira ka kumanzere, chitsulo chopindika chimatsika kutsogolo kwa madzi otuluka mu nozzle n'kuwabwezera kutsogolo. Zimathandiza ndithu, koma mtunda woimira umangochepa, sutha. Palinso vuto lake: buleki ikagwira makina amaima msanga kuposa mmene wokutsatani akuyembekezera, ndipo madzi amathovokera m'mwamba n'kumutchinga maso. N'chifukwa chake kuyenda mondondozana m'mzere umodzi, wina m'mapazi mwa mnzake, ndi khalidwe loipa. Ma jet ski akale ambiri amene amagulitsidwa motchipa ku Gauteng alibe buleki konse. Musanakwere ya mwini, funsani.

Mapepala

Ku South Africa za maboti ang'onoang'ono zimayendetsedwa ndi bungwe la SAMSA, potsatira malamulo a 2007 a chitetezo cha zombo zazing'ono. Woyendetsa chombo chilichonse cha injini yoposa 15 hp (muyeso wa mphamvu ya injini) ayenera kukhala ndi laisensi ya skipper, kutanthauza woyendetsa boti, ndipo jet ski yaing'ono kwambiri imayambira pa 60 hp, zazikulu n'kumapitirira 300. Laisensiyi saipereka kwa munthu wosakwana zaka 16. Ili m'magulu. Gulu R ndi la madzi a mkati: madamu, mitsinje ndi malo otetezeka ngati mkati mwa doko. Ambiri a ku Joni ali ndi limeneli, ndipo silikulolani kutuluka panyanja yamchere. Gulu E limalola mtunda wosapitirira mailo imodzi ya panyanja kuchokera kugombe, yomwe ndi mamita 1,852. Gulu D limafika mamailo 5. Kuti mulowe m'nyanja podutsa m'mafunde osweka a pagombe, monga zimakhalira m'malo ambiri a ku KwaZulu-Natal, pamafunikanso chilolezo chapadera cholembedwa pa laisensi yomweyo. Makinawo nawo amayenera kuyesedwa chaka ndi chaka n'kupatsidwa satifiketi yosonyeza kuti ali bwino, ndipo nambala yake izioneka m'mbali.

Inu achimwene amene mumagwira ntchito panyumba ya bwana ku Vaal, mawu akuti "tangoizungulitsa pang'ono tione ngati ikulira bwino" si laisensi. Pakachitika ngozi amene adzafunsidwe ndi amene anagwira mahandulo, ndipo a inshuwalansi amayamba ndi funso lomwelo. Ngati ntchito yanu imafuna kuti muziyendetsa, pemphani abwana akulipirireni maphunziro. Satenga nthawi yaitali, ndipo pepalalo limakhala lanu ngakhale ntchito itatha.

Mowa ndi woletsedwa kwa woyendetsa, monga pamsewu. Dzuwa, mphepo ndi kugwedezeka kwa makina zimatopetsa kale munthu, ndiye botolo limodzi pamadzi limalemera kuposa pamtunda.

Musanatsitsire m'madzi

Yambirani kumbuyo. Pali timapulagi tiwiri, pa makina ena kamodzi, totulutsira madzi olowa mkati mwa thupi la jet ski. Timasiyidwa totsegula makina akamasungidwa, ndipo kuiwala kutitseka ndi njira yachidule yomizira jet ski: imayamba kulemera kumbuyo, kukana kunyamuka, kenako madzi afika pa injini. Mukatseka, chotsani chishalo n'kununkhiza. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imakhazikika pansi m'chipinda cha injini, ndipo kamoto kakang'ono ka poliza n'kokwanira kuphulitsa. Siyani potsegula kwa mphindi zingapo. Ngati fungo la petulo ndi lamphamvu kapena mukuona mafuta pansi, musalize mpaka mutapeza pamene pakudontha. Onani oilo, gwedezani mawaya a batire, pindani mahandulo uku ndi uku wina akuyang'ana ngati nozzle ikutsatira, ndipo finyani kachogwirira ka moto muone ngati kakubwerera kokha. Suzumirani pachibowo choyamwira madzi ngati mulibe mwala, pulasitiki kapena chingwe.

Mafuta muziwagawa patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwererera, lachitatu losakhudza. Pamafunde injini imamwa kwambiri kuposa padamu labata, ndiye mtunda umene thanki imakufikitsani ku Vaal musauwerengere ku Durban.

Jekete yoyandamitsa ivalidwe ndi aliyense wokwera, yomangidwa zolimba. Poyesa, wina aikoke m'mapewa. Ikakwera mpaka m'makutu ndiye kuti ndi yaikulu, idzavuka mukagwa. Chingwe chozimitsira injini chikhale padzanja kapena chokoledwa pa jekete, osati chokulungidwa pa mahandulo. Mukagwa chimazuka n'kuzimitsa injini, apo ayi makina amapitirira okha kulowera kumene kuli anthu. Chiyeseni tsiku lililonse: lizani, kokani, injini izime pomwepo.

Pali chovala china chimene anthu amachita nacho manyazi kuchitchula, koma opanga makinawa amachilemba pa chomata chochenjeza. Munthu akagwera chagada kumbuyo kwa jet ski, madzi a mu nozzle amatha kulowa mwamphamvu kumalo obisika n'kung'amba ziwalo za mkati. Kabudula wamba wosambirira satchinga. Pamafunika kabudula wa wetsuit, chovala cha m'madzi chonga labala, wothina ndi wokhuthala, makamaka kwa wokwera kumbuyo, amene ndi amene amagwa kawirikawiri woyendetsa akanyamuka modzidzimutsa. Musanapatse moto muzimuuza agwiritse. Mwana amene mapazi ake safika popondera asakwere, ndipo asakhale kutsogolo kwa woyendetsa, chifukwa pa funde nkhope yake imakamenya mahandulo.

Kuchokera ku Gauteng kupita kunyanja

Damu la Vaal lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,480 kuchokera pa mulingo wa nyanja. Mpweya wa kumtunda kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda supercharger, chipangizo chokankhira mpweya wowonjezera mu injini, imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse okwera. Ndiye jet ski yomweyo ikafika ku Durban imakhala ndi mphamvu yoposa imene munaizolowera ndi 15 peresenti kapena kuyandikira pamenepo. Chala chimene chinazolowera kufinya mpaka pakati chimapeza makina akudumpha. Mphindi zoyamba muziyenda ngati mwakwera makina achilendo.

Madamu athu ali ndi zovuta zawo, tisawapeputse. Mabingu a masana m'chilimwe amabwera mofulumira, ndipo pakati pa Vaal munthu wa pa jet ski ndiye chinthu chachitali kuposa zonse. Mukamva kugunda, bwererani. Madzi akatsika, zitsa ndi miyala zimayandikira pamwamba. Ku Hartbeespoort kuli namasupuni, yemwe uja wa mu Shire, amene amatseka chibowo choyamwira madzi. Mudzadziwa chifukwa injini imalira kwambiri koma liwiro palibe, ndipo makina amanjenjemera. Zimitsani, zulani chingwe chozimitsira n'kuchisunga m'manja mwanu, kenako ndiye mulowetse dzanja pansi kuchotsa zinyalalazo. Pochoka padamu tsukani jet ski ndi ngolo yake, kuti musasamutsire zomerazi kumadzi ena.

Koma damu lilibe sitima, lilibe mafunde osweka, ndipo madzi ake sakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku.

Mkati mwa doko

Doko ngati la Durban, Richards Bay kapena Cape Town ndi malo antchito. Limayang'aniridwa ndi Transnet National Ports Authority, ndipo mawu a mkulu wa doko ndiwo lamulo. Musaganize kuti popeza madzi ndi abata ndiye mungathe kuseweramo. M'mbali zambiri za madoko jet ski siloledwa konse, ndipo pamene ikuloledwa imakhala yongodutsa kuchokera potsitsira kupita kunja. Funsani ku kalabu ya maboti ya pamalopo musanatsitse ngolo; iwo amadziwa njira yololedwa, liwiro lake, ndi tchanelo cha wailesi cholankhulira ndi oyang'anira doko.

Khomo la doko la Durban ndi lotambalala mamita pafupifupi 220, ndipo mumadutsa sitima zotalika mamita 300. Sitima yotere singapatuke, chifukwa kunja kwa ngalande yokumbidwa madzi ndi osaya, ndipo kuti iime pamafunika mtunda wautali kwambiri. Woyendetsa ali pamwamba, nthawi zambiri chakumbuyo, ndipo makontena amamutchinga moti saona madzi a patsogolo pake kwa mamita mazana angapo. Mukadutsa kutsogolo kwake n'kugwa, kapena injini n'kuzima chifukwa yayamwa pulasitiki, yomwe m'doko ndi yosasowa, palibe amene akuonani. Malamulo a dziko lonse opewera kuwombana panyanja, a 1972, amanena momveka kuti chombo chosakwana mamita 20 chisatsekereze sitima imene ingayende m'ngalande mokha. Muzidutsa kumbuyo kwake, patali, mukudziwa kuti madzi ovundulidwa ndi sitima ndi matagi, maboti amphamvu oikoka, amatha kukugwetsani. Pakati pa tagi ndi sitima pamakhala chingwe chimene nthawi zina chimamira osaoneka, musapitepo. Mukamva hutala ikulira kasanu mofupikitsa, akutanthauza kuti sakumvetsa zimene mukuchita, ndipo mwina akunena inuyo. Katatu ndiye kuti injini zake zikubwerera m'mbuyo.

Pamsewu kuno timayenda kumanzere. Pamadzi ndi kumanja. M'ngalande khalani mbali ya kumanja, chakumphepete. Mukakumana maso ndi maso ndi boti lina, aliyense apatukire kumanja kwake. Njira zikapingasana, amene akuona mnzake kudzanja lake lamanja ndiye apatuke, n'kudutsa kumbuyo kwake. Wopitirira mnzake ndiye ali ndi udindo wotalikira. Maboti a matanga, opalasa ndi amene akukoka maukonde, apatseni njira nthawi zonse. Zizindikiro zoyandama polowa m'doko kuchokera kunyanja zimakhala zofiira kumanzere, zobiriwira kumanja, potuluka zimatembenuka. Ndipo mukapatuka, patukani mooneka ndiponso msanga, kuti winayo asakayike. Kukhota pang'onopang'ono kumasokoneza.

Za liwiro m'doko pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Akalemba kuti musautse mafunde, anthu amatsitsa liwiro kufika pakatikati, mphuno ya jet ski ili m'mwamba, kumbuyo kwamira. Pamenepo ndi pamene makina amautsa funde lalikulu kuposa pena paliponse. Funde limenelo limakamenyetsa maboti omangidwa kuchipupa, kugwetsa munthu amene waima pa kaboti kake, kapena kutembenuza wopalasa. Liwiro loyenera ndi la injini ikungolira yokha, thupi la makina lili chigonere m'madzi, kuyenda ngati munthu wa ndawala. Pa liwiro limeneli chiwongolero chimachedwa kumva, ndiye mumakhota ndi timoto tating'ono: pindani mahandulo, finyani pang'ono, siyani, dikirani. Pokocheza, yandikirani mopendekeka pang'ono, moyang'anana ndi mphepo kapena madzi ngati n'kotheka, chifukwa zimenezo zimakugwirirani buleki. Mukaona kuti mwalakwitsa, bwererani mukayambirenso. Phazi kapena dzanja musaliike pakati pa jet ski ndi chipupa.

Potsitsira pa simenti samalani ndi ndere. Madzi a m'nyanja amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, kusiyana kwake kumafika pafupifupi mamita 2 mwezi ukakhala wathunthu kapena wakuda, ndipo akatsika amasiya simenti yoterera imene galimoto imatsetserekapo ngakhale handibuleki ili yokoka. Lamba wa kutsogolo musamasule ngolo isanafike m'madzi. Zokonzekera zonse muchitire pambali, osati pamene anzanu akudikira mzere.

Pagombe

Simungatsitsire jet ski pagombe lililonse limene lakusangalatsani. Pali malo ovomerezeka otsitsira, ndipo kuyendetsa galimoto pamchenga wa gombe kunaletsedwa kuyambira 2001 kupatula pamalo oterowo. M'madera otetezedwa a zamoyo za m'nyanja malamulo ndi okhwima kwambiri, ndipo kwina jet ski siloledwa n'komwe. Pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu ndi posambira anthu; pamenepo ndi pafupi pake si panu. Vuto ndi lakuti si onse amene amasambira pakati pa mbendera. Mutu wa munthu m'madzi ndi kanthu kakang'ono kwambiri, ndipo funde likakwera umabisika kuseri kwake. Pali ana a pa mabodi, pali osambira mtunda wautali, pali obira pansi amene chizindikiro chawo ndi kambendera kapena kachoyandama chabe. Mpaka mutatuluka kuseri kwa mafunde osweka n'kutalikira, liwiro likhale longokwanira kuwongolera. Ku KwaZulu-Natal kulinso maukonde ndi zingwe za bungwe la Sharks Board zotchingira shaki, mamita mazana angapo kuchokera kugombe. Zoyandama zake zimaoneka. Zizungulireni patali, chifukwa chingwe chikalowa mu impeller chimakulungika pa shafti ndipo injini imaima nthawi yomweyo.

Kudutsa m'mafunde kumayamba ndi kuima pamchenga n'kuyang'ana kwa mphindi 10 kapena kuposa. Mafunde amabwera m'magulu, akuluakulu angapo motsatizana kenako kabata. Onani pamene akuswekera, ndi pamene pali mpata wa madzi akuda, osasweka, amene akubwerera kunyanja. Mpata umenewo ndi woopsa kwa wosambira chifukwa umakokera kutali, koma oyendetsa maboti amaugwiritsa ntchito potuluka. Kankhirani jet ski mpaka madzi afike m'chiuno, mphuno italoza kumafunde. Musalize pamadzi osaya: opanga ena amati pakhale masentimita 60 pansi pa makina, ena 90, chifukwa pampu imayamwa mchenga ndi timiyala n'kudya impeller ndi mphete yoizungulira, n'kutsekanso timapaipi toziziritsira. Wokugwirirani aime pambali, asaime kumbuyo kwa nozzle kapena pakati pa makina ndi gombe, poti funde likhoza kumuponyera makinawo m'miyendo.

Kabata kakafika, nyamukani motsimikiza. Funde likamabwera lilunjikeni ndi mphuno, mutaimirira pang'ono maondo ali opinda, ndipo pamene mukufika pamwamba pake chepetsani moto kuti mutsike nalo kuseri m'malo mouluka. Kuuluka kumaoneka bwino pa foni, koma pampu ikatuluka m'madzi mulibe chiwongolero, ndipo potera ndi pamene anthu amathyoka akakolo, msana ndi mano. Cholakwika chachikulu ndi kuchita mantha pakati n'kutembenuka mochedwa, funde n'kukupezani cham'mbali. Ngati mwaona kuti simudutsa, tembenukani kukadali mpata, thawirani kugombe, mukayesenso.

Pobwerera, sankhani funde limodzi n'kukhala pamsana pake, kuyenda liwiro lake lomwelo. Musalipitirire, chifukwa mukatsetsereka kutsogolo kwake mphuno imazika m'madzi ndipo inu mumadutsa pamwamba pa mahandulo. Muzicheuka kuona lotsatira. Zimitsani injini madzi asanachepe, tsikirani mbali ya kunyanja, n'kukoka makina msanga.

Mphepo muziiwerengera musanatuluke. A kwathu a ku Nkhotakota ndi ku Salima amadziwa mmene mwera umasandutsira nyanja yabata m'kanthawi kochepa. Mphepo ya kum'mwera chakumadzulo ku Durban imachita chimodzimodzi. Yoopsa mobisika ndi yochokera kumtunda kupita kunyanja, ngati ya kum'mwera chakum'mawa ku Cape Town mbali ya Atlantic: pafupi ndi gombe madzi amaoneka osalala, koma injini ikazima mumatengedwa kupita kutali, m'madzi ozizira amene amafooketsa manja m'mphindi zochepa. Jet ski ilibe nyali zoyendera usiku, choncho dzuwa lisanalowe mukhale mutatuluka. Anangumi musawayandikire kuposa mamita 300, limenelo ndi lamulo, ndipo ma dolphin musawathamangitse kapena kudutsa pakati pa gulu lawo. Kuzungulirazungulira pamalo amodzi kutsogolo kwa anthu opuma kapena owedza ndi kumene kumachititsa makhonsolo kutseka magombe kwa onse okwera jet ski.

Zikavuta

Mukagwa, yambani mwaona anzanu, kenako makina. Ngati agadabuzika, kumbuyo kuli chomata chosonyeza mbali yowatembenuzira. Tsatirani chimenecho, chifukwa mukatembenuzira mbali inayo madzi a mu ekizozi amatsikira mu injini. Kwerani chakumbuyo, injini ili chizimire, woyendetsa poyamba. Kukwera m'madzi akuya kumafuna mphamvu kuposa mmene kumaonekera, makamaka mutatopa, ndiye kuyesereni padamu tsiku labata. Mukaliza injini n'kumva kuti ikulemera kapena kugogoda kamodzi n'kuima, lekani. Mwina madzi alowa mu injini. Madzi sapanikizika, ndipo mukakakamiza mumapinda zitsulo za mkati. Ikokedwe kupita kumtunda, pang'onopang'ono kwambiri, chifukwa kukoka mothamanga kumakankhira madzi m'mapaipi oziziritsira mpaka mu injini, ndipo makaniko aione tsiku lomwelo madzi amchere asanayambe kudya.

Injini ikafa muli kutali, musasiye makina n'kuyamba kusambira. Gombe limaoneka pafupi kuposa mmene lilili, ndipo ofufuza amaona jet ski msanga kuposa munthu. Foni ikhale m'kathumba kosalowa madzi, pathupi panu, osati m'bokosi la makina amene angakuthaweni. Bungwe la NSRI, la anthu odzipereka opulumutsa pamadzi kuyambira 1967, lili ndi malo m'mphepete mwa nyanja komanso ku Vaal ndi ku Hartbeespoort. Nambala yawo yangozi ndi 087 094 9774, ndipo 112 imagwira pa foni iliyonse ya m'manja. Ali ndi pulogalamu ya pafoni yotchedwa SafeTrx imene imawaonetsa pamene muli. Pa wailesi ya VHF tchanelo changozi ndi 16. Muzinyamulanso wezulo, chingwe chokokera, madzi akumwa, ndi zowunikira zangozi zimene gulu la satifiketi yanu limafuna. Pamtunda pakhale munthu wodziwa kumene mwalowera ndi nthawi yobwerera, ndipo panyanja ndi bwino kutuluka awiri, aliyense ndi makina ake. Mukawomba munthu kapena chombo, imani, thandizani, ndipo kanenezeni.

Pokoka munthu pa chubu kapena pa ski, pamafunika wina wokhala chotembenuka kumuyang'anira, ndi malo pachishalo oti wokokedwayo akwere akatopa, kutanthauza jet ski ya anthu atatu. Poyandikira munthu ali m'madzi zimitsani injini, ndipo chingwe chisakhale pansi pa makina pamene mukuliza.

Mukatuluka m'madzi amchere

Mchere ukauma mkati umadya ekizozi, pampu ndi mawaya, choncho kutsuka kuchitike tsiku lomwelo, osadikira kufika ku Joni. Kumbuyo kapena pansi pa chishalo pali polumikizira paipi ya madzi. Dongosolo lake ndi ili, ndipo lisasinthidwe: lumikizani paipi, lizani injini, kenako tsegulani madzi. Pomaliza tsekani madzi poyamba, finyani moto pang'ono kawiri kapena katatu kuti otsala atuluke, n'kuzimitsa. Mukatsegula madzi injini isanalire, amadzaza ekizozi n'kubwerera m'masilinda, ndipo makina amene anapulumuka panyanja amafera pabwalo. Kutalika kwa nthawi yotsukira kuli m'buku la makinawo. Pa Sea-Doo musapitirire mphindi 2, chifukwa chotchingira madzi cha pa shafti chimazizira ndi madzi a panyanja okha, paipi siichifika. Injini isalire yopanda madzi kupitirira masekondi ochepa. Tsukani kunja, pampu, ngolo ndi mawilo ake ndi madzi abwino, tsanyulirani pang'ono m'chipinda cha injini mopewa polowera mpweya ndi mabokosi a magetsi, pukutani, n'kupopera mafuta oteteza dzimbiri. Tsegulani timapulagi ta kumbuyo, kwezani kutsogolo kwa ngolo kuti madzi atsike, ndipo chishalo muchisiye chotsegula pang'ono usiku wonse. Musananyamuke ulendo wobwerera, onani girizi m'mabering'i a ngolo, chifukwa amene alowa madzi amchere amatentha n'kugwira panjira. Mukaima koyamba, gwirani pakati pa wilo lililonse ndi dzanja, ndipo ngati likuwotcha musapitirire nalo kukwera chitunda cha Van Reenen pa N3.